Musanagule chithunzi cha mudzi wa ku France, chitembenuzeni kaye

Mlendo aliyense wofika kwathu amathera pakhoma la pabalaza. Pali tizithunzi 7 tojambula pamanja ndi utoto, ta mtundu umene amautcha post-impressionnisme, tonse ta midzi ya ku France: tchalitchi chamiyala, mlatho, amayi akuchapa kumtsinje, kamsewu ka m'mudzi dzuwa likulowa. Tiyi asanazizire, mafunso abwera kale: "Kodi zimenezi n'zenizeni? Munazipeza kuti? Zinadya zingati?" Pakangotha sabata foni imayamba kulira. Wina waona chithunzi pa intaneti, wogulitsa akuti n'cha Gauguin, wojambula wotchuka wa ku France, mtengo wake wofanana ndi wa njinga yakapalasa, ndiye akufuna ndimuuze lero lomwe ngati agule. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Ndalemba pano kamodzi, wofunsanso ndizingomulozera.

Sindine wogulitsa, sindinenso katswiri wa kumyuziyamu. Ndine munthu amene wakhala akugula tizithunzi totsika mtengo kwa zaka zambiri, ndipo fizi ya sukulu imeneyi ndinailipira ndi ndalama zolowa m'madzi.

1. Dziwani chimene mukuchifunacho

Dzina loti post-impressionnisme ojambulawo sanadzipatse okha. Linachokera kwa Roger Fry, Mngelezi amene anakonza chionetsero ku London mu 1910, pamene Van Gogh, Seurat, Gauguin ndi Cézanne onse anali atamwalira kale. Limanena za ojambula amene anabwera pambuyo pa chionetsero chomaliza cha ma-impressionniste, gulu la Monet ndi Pissarro, mu 1886. Iwowa anasunga mitundu yowala ndi chizolowezi chojambulira panja, koma aliyense anapatuka njira yake: ena timadontho, ena mizere yokhuthala ndi mitundu yosasakaniza, ena kuumba phiri ngati womanga nyumba.

Anayi ndatchulawo aiwaleni. Mu Novembala 2022, munda wa zipatso umodzi wa Van Gogh unagulidwa pa madola 117 miliyoni ku New York. Munthu akakutumizirani "Gauguin" wa mtengo wa njinga, musandifunsenso ine.

Amene amapezeka pamsika ndi a mzere wachiwiri ndi wachitatu. Wachiwiri ndi monga Gustave Loiseau, Henry Moret, Maxime Maufra, Henri Martin, Henri Le Sidaner, Ferdinand du Puigaudeau, Armand Guillaumin ndi Maximilien Luce. Zithunzi zawo zabwino zimadya mayuro masauzande makumimakumi, zina kupitirira apo kwambiri. Mzere wachitatu ndi wa anthu amene a ku France amawatcha petits maîtres, kunena kuti akatswiri ang'onoang'ono: aphunzitsi a zojambula, ojambula a m'zigawo, anthu amene ankaonetsa ntchito zawo chaka ndi chaka koma dzina silinapite patali. Ambiri anapitiriza kujambula mwa njira imeneyi mpaka m'zaka za m'ma 1930. Apa ndi pamene munthu wapamalipiro angayambire, ndi mayuro mazana angapo kapena masauzande ochepa. Zisanu mwa zanga 7 n'za gulu limeneli, ndipo sindichita nazo manyazi.

2. Sankhani dera limodzi, mulidziwe ngati kwanu

Oyamba kumene amagula chilichonse chokongola: lero mphero ya ku Brittany, kumadzulo kwa France, mawa mitengo ya maolivi ya ku Provence, kummwera. Pakatha zaka zisanu ali ndi khoma lodzaza koma sadziwa kanthu. Wosankha dera limodzi amafika pozindikira nsanja ya tchalitchi asanawerenge n'komwe dzina la mudzi, ndipo diso limenelo ndi limene limamuteteza kwa akathyali.

Ku Brittany kuli Pont-Aven, kumene Gauguin anafika koyamba mu 1886 ndipo achinyamata anamuunjirira pa nyumba ya alendo ya Gloanec. Moret, Maufra, Loiseau ndi Puigaudeau onse anadutsa kumeneko. Mukasankha dera limeneli, phunzirani mawu awiri. Pardon ndi chikondwerero cha tchalitchi chimene mudzi wonse umayenda pa ndawala ndi mbendera za oyera mtima. Coiffe ndi chovala choyera chakumutu cha amayi, ndipo dera lililonse linali ndi kasokedwe kake. Chithunzi chikamati ndi cha ku Pont-Aven koma amayi avala coiffe ya dera lina, dzifunseni chifukwa chake.

Pakati pa dziko pali Crozant, m'chigwa cha mtsinje wa Creuse. Guillaumin anapambana lotale ya mafulanki 100,000 mu 1891, n'kusiya ntchito yaboma, ndipo zaka zambiri zotsatira anazithera kumeneko akujambula mabwinja a linga ndi zitunda zofiirira. Ojambula ambiri anamutsatira, moti dera limeneli lili ndi zithunzi zochuluka zotsika mtengo. Ku Normandy kuli gulu la ku Rouen, la Albert Lebourg ndi Robert Antoine Pinchon, anthu a nkhungu ndi mtsinje wa Seine. Kummwera Henri Martin anajambula mlatho ndi mitengo italiitali ya ku Labastide-du-Vert mobwerezabwereza kwa zaka pafupifupi 40. Ndipo pali Gerberoy, kamudzi ka m'chigawo cha Oise kumene Le Sidaner anakhazikika mu 1901. Iyeyu anabadwira ku Mauritius, ndipo anali ndi khalidwe lake: amajambula tebulo litayalidwa m'munda, windo likuwala madzulo, koma munthu osamuonetsa. Mumangomva kuti angotuluka kumene.

Mukasankha, sonkhanitsani mapositikhadi akale a deralo. M'zaka zoyandikira 1900 mpaka nkhondo ya 1914 pafupifupi mudzi uliwonse wa ku France unajambulidwa pa positikhadi, ndipo amagulitsidwa motchipa pa intaneti. Ndi amene angakuuzeni ngati mlatho wa pachithunzi unalipodi nthawi imeneyo.

3. Onani zenizeni ndi maso

Foni imanama. Imawalitsa mitundu, imasalaza utoto. Pitani ku Musée d'Orsay mukakhala ku Paris, kapena ku mamyuziyamu a ku Pont-Aven, Quimper, Rouen ndi Cahors malinga ndi dera mwasankha. Amene muli ku UK muli ndi Courtauld Gallery ndi National Gallery ku London. Imani pafupi mpaka mlonda akuyang'aneni. Onani mmene burashi inayendera. Loiseau, mwachitsanzo, ankapingasa timizere ngati woluka mphasa, ndipo mukaona kamodzi pafupi simudzaiwala.

4. Dziwani kumene zimagulitsidwa, ndipo werengani mtengo wonse

Zambiri zimadutsa pa okushoni. Ku Paris kuli Hôtel Drouot, nyumba imene yakhala ikugulitsa katundu kuyambira 1852, koma matauni a m'zigawo alinso ndi nyumba zawo, ndipo n'kumene katundu wa maliro a m'mabanja akale amathera. Malonda awo mungawatsatire pa Interencheres ndi pa Drouot.com muli pampando kwanu. Woyendetsa malonda amatchedwa commissaire-priseur. Si munthu wamba wonyamula nyundo chabe: ndi wophunzira malamulo, ndipo iye ndi katswiri wake akhoza kuimbidwa mlandu pa zimene analemba m'katalogi mpaka zaka 5 kuchokera tsiku la malonda. Ichi ndi chifukwa chake ndimauza oyamba kuti ayambire pa okushoni yovomerezeka, osati kwa munthu wosadziwika wa pa eBay kapena pa brocante, msika wa zakale wa pamsewu. Ku brocante n'kosangalatsa kuyendako Lamlungu, koma mukapusitsidwa mulibe kokadandaula.

Mtengo umene nyundo yagwera si umene mulipire. Nyumba ya okushoni imawonjezera gawo lake, lotchedwa frais, limene kawirikawiri limakhala pakati pa 25 ndi 30 pa 100 alionse, ndipo mukagulira pa intaneti nthawi zina pamabwera kena pamwamba. Tiyerekeze kuti nyundo yagwa pa mayuro 2,000 ndipo frais ndi 28 pa 100. Mwafika kale pa 2,560, musanalipire wolongedza, wonyamula, inshuwaransi, msonkho wa kumalire ndi wokonza chithunzi ngati chili chakuda. Werengani chobwerera m'mbuyo: yambani ndi ndalama zonse zimene muli nazo, chotsani zonsezi, chotsalacho ndiye malire anu.

5. Werengani katalogi ngati kalata ya kukhoti

Apa ndi pamene ndinagwera ine. Ku France kuli lamulo la pa 3 Malichi 1981, limene amalitcha décret Marcus, ndipo limapereka tanthauzo lenileni la mawu amene ogulitsa amalemba. Kusiyana kwa liwu limodzi ndi kusiyana kwa ndalama zanu zonse.

Dzina la wojambula likalembedwa lokha popanda mawu ochepetsa, kapena akalemba par, de kapena signé, wogulitsa akutsimikiza kuti ntchitoyo ndi ya munthuyo. Attribué à akutanthauza kuti chithunzicho ndi cha nthawi ya wojambulayo ndipo pali zifukwa zomveka zoganizira kuti ndi iye, koma palibe akulumbira. Atelier de ndiye kuti chinajambulidwa pamalo ake ogwirira ntchito kapena iye akuyang'anira. École de lotsatana ndi dzina la munthu ndiye kuti ndi cha wophunzira wake kapena womutsatira, iye ali moyo kapena pasanathe zaka 50 atamwalira. Tsono pali gulu la mawu amene salonjeza kalikonse: dans le goût de, manière de, genre de, style, d'après. Chithunzi cholembedwa "dans le goût de Loiseau" chikhoza kukhala chojambulidwa chaka chatha, ndipo wogulitsa sanalakwe.

Koma msampha weniweni ndi porte une signature. Signé ndiye kuti wojambulayo anasaina. Porte une signature ndiye kuti pachithunzipo pali siginecha, basi, woilembayo sakudziwika. Zaka zapitazo ndinaona kamsewu ka m'mudzi kali ndi chipale chofewa, pa okushoni ya m'tauni ina yaing'ono. Pakona panali dzina lodziwika ndithu, mtengo uli pansi, ndipo mtima unadumpha. Mawu atatuwo ndinawaona, koma ndi Chifalansa changa cha nthawi imeneyo ndinati ndi chimodzimodzi. Ndinalipira pafupifupi malipiro a miyezi iwiri. Nditapita nacho kwa mayi wina wokonza zithunzi, anazimitsa magetsi, n'kuyatsa kanyali kake ka UV, kamene kamaonetsa utoto wopakidwa pambuyo, ndipo dzina lija linaoneka lakuda bii, likuyandama pamwamba pa vanishi ngati ntchentche mumkaka. "Bambo," anatero, "chithunzichi n'chakale ndithu, koma dzinali ndi la dzana." Ndinabwerera kukatalogi kuti ndikachite makani, n'kupeza kuti sanandinamize. Ndinadzinamiza ndekha. Chili m'khonde mpaka lero, ndipo ndimachikondabe, koma pa mtengo wake weniweni ndikanagula zisanu.

Mawu ena ofunika: huile sur toile ndi utoto wamafuta pa chinsalu, sur panneau ndi pa thabwa, sur carton ndi pa katoni yolimba. Rentoilé ndiye kuti chinsalu chakale chinamatidwa pa chatsopano. Repeints ndi malo amene anapakidwanso utoto pokonza. Cachet d'atelier ndi chidindo chimene banja linadinda pa ntchito zotsala wojambula atamwalira. Sichoipa, koma si siginecha, ndipo mtengo uyenera kusonyeza zimenezo.

6. Chitembenuzeni

Malangizo ambiri amakuuzani kuti "gulani chimene mwachikonda" n'kuthera pomwepo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsogolo kwa chithunzi ndi kumene wonyenga amathera luso lake lonse. Kumbuyo ndi kumene amalakwitsa, ndiponso ndi kumene chithunzi chenicheni chimanena mbiri yake.

Ku okushoni za ku France katundu amaonetsedwa tsiku loti mawa malonda, ndipo kawirikawiri m'mawa wa tsikulo. Muli ndi ufulu wopempha kuti akutsitsireni chithunzi pakhoma. Musachite manyazi, ogulitsa enieni amachita zimenezi tsiku lililonse. Ngati muli kutali, lembani imelo yopempha rapport de condition, limene ndi lipoti la mmene chithunzi chilili, pamodzi ndi zithunzi zooneka bwino za kumbuyo konse, za m'mphepete, za siginecha pafupi, ndi chimodzi chojambulidwa ndi nyali ya UV. Wokana kukutumizirani wakuyankhani kale.

Yambani ndi muyeso. Ojambula a nthawi imeneyo ankagula zinsalu zokhomeratu pa miyeso yokhazikika, yokhala ndi nambala ndi chilembo: F ya zithunzi za anthu, P ya malo, M ya nyanja. Nambala 10 mbali yaitali ndi masentimita 55, ndipo yaifupi ndi 46 pa F, 38 pa P, 33 pa M. Nambala 20 ndi 73 kwa 60 pa F, 73 kwa 54 pa P. Musadabwe kuona mudzi utajambulidwa pa F, ankasankha mmene afunira. Koma muyeso ukakhala wosagwirizana ndi nambala iliyonse, funsani: kodi chinadulidwa? Kodi chinajambulidwa kunja kwa France? Nthawi zina yankho limakhala labwinobwino, koma lifunsidwe.

Kenaka chinsalu chenichenicho. Cha zaka 100 chimakhala chodera ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo kuderako sikufanana paliponse: pansi pa matabwa, pamene mpweya ndi fumbi sizinafike, pamakhala poyera pang'ono. Chinsalu chodera mofanana ponseponse, ngati choviikidwa, chindikayikitsa. Funani chidindo cha sitolo imene inagulitsa chinsalucho: mayina monga Lefranc, Blanchet, Foinet, kapena Sennelier, amene anatsegula sitolo yake ku Paris mu 1887. Zidindozi zimakhala ndi adiresi, ndipo popeza masitolo ankasamuka, akatswiri amatha kuyerekeza zaka kuchokera pa adiresiyo. Onani m'mphepete: kale ankakhoma ndi timisomali, ndipo dzimbiri lake limadontha pa nsalu. Mastepulo ndi a pambuyo kwambiri. Mukawaona, ndiye kuti chithunzicho n'chatsopano kapena chinachotsedwapo n'kukhomedwanso, ndipo muyenera kudziwa kuti ndi ziti mwa ziwirizi. Matabwa a kumbuyo, otchedwa châssis, amakhala ndi timphero tamatabwa m'makona tokokera chinsalu. Pakati pa thabwa la pansi ndi chinsalu pamagwera fumbi la zaka zambiri. Ine ndimasangalala ndikaliona.

Tsopano mapepala omatidwa ndi manambala. Awa ndiwo chuma cha kumbuyo. Paul Durand-Ruel, wamalonda amene anakweza Monet ndi anzake, anachita pangano ndi Moret ndi Maufra mu 1895, ndi Loiseau mu 1897, ndipo zithunzi zodutsa m'manja mwake zinkalandira pepala ndi nambala imene inalembedwanso m'mabuku a kampaniyo. Mabukuwo alipo mpaka lero ku Paris, ndiye nambala ikhoza kutsimikizidwa. Palinso mapepala a zionetsero: Salon des Indépendants imene inayamba mu 1884, Salon d'Automne ya 1903, ndi zina za m'zigawo. Musée d'Orsay ili ndi nkhokwe yaulere pa intaneti ya makatalogi a zionetserozi mpaka 1914, ndipo Gallica, laibulale ya dziko la France ya pa intaneti, ili ndi makatalogi ndi nyuzipepala zakale. Wojambula wamng'ono amene simunamumvepo, mufufuzeni kumeneko ndi mu Bénézit, buku lalikulu la mayina a ojambula. Mukapeza kuti anaonetsadi chithunzi cha mutu womwewo chaka chakutichakuti, mwapeza chinthu chimene mwina wogulitsa sanachione.

Koma pepala nalonso limanama. Wolfgang Beltracchi, amene khoti la ku Germany linamupeza wolakwa mu 2011, ankamata kumbuyo kwa zithunzi zake zabodza mapepala opeka a munthu wina wotchuka wosonkhanitsa zithunzi, ndipo akatswiri akuluakulu anapusitsika kwa zaka. Chinamugwiritsa ndi utoto: pa chithunzi chonenedwa kuti ndi cha 1914 anapezapo utoto woyera wa titaniyamu, umene unali usanayambe kugulitsidwa nthawi imeneyo. Choncho pepala si umboni, ndi poyambira kufunsa. Lili ndi nambala? Lemberani amene amasunga mabuku a nambalazo.

Mukatha kumbuyo, bwererani kutsogolo ndi galasi lokulitsa ndi tochi. Walitsani tochi cham'mbali, kuwala kudutse mokwawa pa utoto. Mudzaona mizere ya burashi itatukuka. Ikakhala yophwatalala ngati yositidwa, ndiye kuti rentoilage, kumata chinsalu pa chatsopano kuja, inachitidwa ndi dzanja lolemera, ndipo pa zithunzi za mtundu uwu, zimene moyo wake uli m'makwinya a utoto, kumeneko ndi kuluza kwakukulu. Ndi galasi yang'anani ming'alu pa siginecha. Siginecha yoona imang'aluka pamodzi ndi utoto wa pansi pake chifukwa zinauma limodzi. Yowonjezera pambuyo imadutsa pamwamba pa ming'alu, mwinanso kutsikira m'kati mwake. Ndipo mukaona timadontho tating'ono tondandalika mwadongosolo ngati ta pa nyuzipepala, chimenecho n'chosindikiza pa makina chimene wina anapakapo vanishi ndi burashi. Zoterezi zadzaza m'misika ya zakale.

Pa ojambula a mzere wachiwiri pali chinthu chinanso chimene simungachidumphe. Pafupifupi aliyense ali ndi catalogue raisonné, mndandanda wa ntchito zake zonse zodziwika, kapena ali ndi munthu kapena komiti imene msika umaimvera. Za Le Sidaner zinasonkhanitsidwa ndi wa m'banja lake mu 1989. Za Guillaumin zili ndi komiti yake. Funsani mosapita m'mbali: chithunzichi chili mu mndandanda? Ngati ayi, woyang'anira mndandandayo anachiona? Satifiketi yolembedwa ndi "katswiri" wina aliyense ilibe ntchito. Msika umamvera munthu mmodzi kapena awiri pa wojambula aliyense, ndipo iwowo akakana, ngakhale chithunzi chikhale chokongola chotani, simudzachigulitsa pa dzina limenelo.

7. Funsani kumene chinali kuyambira 1933 mpaka 1945

Provenance ndi mzere wa eni ake kuchokera kwa wojambula kufika lero. Tizithunzi tating'ono nthawi zambiri timangokhala ndi mawu oti collection particulière, ndiye kuti cha munthu wina amene sakutchulidwa. Pa chithunzi cha mayuro 400 zimenezo n'zachilendo ayi. Koma mtengo ukamakwera, mpata wa zaka za nkhondo umakhala nkhani, chifukwa a Nazi ndi boma la Vichy, boma la France limene linkagwirizana nawo, analanda zithunzi zambirimbiri za mabanja achiyuda.

Musaganize kuti kugula moona mtima kukutetezani. Chithunzi cha Pissarro cha 1887, cha amayi akuthyola nsawawa za mtundu wa kabaifa m'munda, chinalandidwa kwa Simon Bauer mu 1943. Banja lina la ku America linachigula pa okushoni ku New York mu 1995 pa madola 800,000, osadziwa kanthu. Mu 2017 anachibwereketsa ku Musée Marmottan ku Paris, zidzukulu za Bauer zinachiona, ndipo makhoti a ku France analamula kuti chibwerere kwa eni ake. Khoti lalikulu linatsimikiza chigamulocho mu 2020.

Chithunzi chikakhala cha ndalama zambiri, lipirani Art Loss Register ya ku London ifufuze. Pulogalamu ya pafoni ya Interpol yotchedwa ID-Art ndi yaulere, ndipo imayang'ana m'nkhokwe yawo ya zinthu zobedwa.

8. Tsiku la malonda

Lembetsani dzulo lake, chifukwa amafuna chiphaso ndi khadi la kubanki. Lembani malire anu papepala. Ngati mukudzidziwa kuti mtima wanu ndi wothamanga, siyani ordre d'achat, kutanthauza kuti mwauza nyumbayo malire anu ndipo ikupikisanirani inu kulibe. Ine ndimachita zimenezi masiku ano, chifukwa ndikakhala m'chipindamo dzanja limakwera lokha.

Commissaire-priseur akanena kuti "adjugé", chithunzi ndi chanu ndipo palibe kubweza maganizo. Mukalephera kulipira, akhoza kuchigulitsanso, ndipo chikapita pa mtengo wotsika, kusiyanako mulipira inu. Kugulitsanso koteroko amakutcha folle enchère. Dziwaninso kuti boma la France lili ndi ufulu wolowa m'malo mwa wopambana pa mtengo womwewo, myuziyamu ikachifuna. Sizichitikachitika pa zinthu zazing'ono. Lisiti yake imatchedwa bordereau. Onetsetsani kuti mawu a pa lisitiyo ndi omwewo a m'katalogi, ndipo sungani zonse ziwiri, chifukwa ndizo umboni wanu pa zaka 5 zija ndiponso ndizo provenance ya amene adzagule kwa inu. Katengeni msanga: masiku aulere akatha amayamba kulipiritsa posungira tsiku ndi tsiku.

9. Kuchitulutsa m'dziko ndi kuchisunga

Chithunzi cha utoto wamafuta choposa zaka 50 chimafuna chilolezo chotulukira mu European Union chikafika pa mayuro 150,000, ndipo cha utoto wamadzi kapena cha pastel pa 30,000. Ambiri a ife sitidzafikako, koma lisiti ikhale pafupi pa malire. Olowa nacho ku UK amalipira VAT yotsika ya 5 pa 100 pa ntchito zaluso, bola mapepala alembedwe bwino. Kwina kulikonse funsani a msonkho musanagule, osati katundu atafika kale.

Polongedza, pulasitiki ya timabuluni isakhudze utoto, imasiya zipsera zozungulira. Chinsalu chakale musalole kuti achipinde ngati mkeka pofuna kuchepetsa mtengo wotumizira.

Kunyumba, adani ndi dzuwa, moto ndi chinyezi. Musachipachike moyang'anizana ndi windo, pamwamba pa mbaula, kapena pakhoma logundana ndi bafa. Mamyuziyamu amasunga chinyezi cha mumpweya chapakati pa 40 ndi 60 pa 100, ndipo choopsa kwambiri ndi kusinthasintha kwadzidzidzi, chifukwa chinsalu chimafufuma n'kufota pamene utoto sutha kutsatira. Amene mukuganiza zodzapita nacho kumudzi mukapuma pantchito, ganizirani za Januwale ndi Febuluwale, pamene nsapato zimachita nkhungu m'kabati, ndiponso za chiswe, chimene sichidziwa kuti châssis ndi ya 1905. Ikani tizidutswa ta koko (cork) kumbuyo kwa felemu kuti mpweya uzidutsa pakati pa chithunzi ndi khoma, tsekani kumbuyo ndi katoni yopanda asidi, ndipo muzichitsitsa kawiri pachaka n'kuyang'ana.

Za kutsuka, musayerekeze. Mudzamva za buledi, mbatata, anyezi, mafuta a maolivi, nsalu yonyowa. Zonsezo zimawononga. Ambiri mwa ojambulawa sankapaka n'komwe vanishi chifukwa ankafuna kuti utoto uoneke wouma, wosanyezimira, ndiye dothi lili pa utoto penipeni ndipo chilichonse mungapukutire chichotsa zonse ziwiri. Fumbi lichotseni ndi burashi yofewa youma. China chilichonse ndi ntchito ya restaurateur, katswiri wokonza zithunzi, ndipo mumupemphe alembe mtengo ndi zimene akufuna kuchita asanakhudze. Mumuuzenso kuti mapepala onse a kumbuyo, ngakhale ong'ambika osawerengeka, asachotse ngakhale limodzi. Akasintha matabwa, akale akubwezereni.